Tonga ya Kuseri kwa Mapiri

Tsiku lomwe apolisi anabweretsa a Kitione kunyumba ali kumbuyo kwa galimoto, Lesieli anadziwa kuti nkhani ya bambo ake yamukulira. Apolisiwo anawapeza masanasana pa siteshoni ya sitima ya Mount Druitt atavala jekete yakuda, kamkeka komwe kwathu timavala popita kutchalitchi kali m'chiuno, kumapazi kulibe kanthu. Ankati akudikira bwato lopita kwawo ku Ha'apai. Wapolisi atawafunsa dzina m'Chingerezi, iwo anamuyimbira nyimbo ndime zonse, kenako n'kumudalitsa.

A Kitione anachoka ku zilumba za Tonga ali mnyamata, n'kukalambira mu fakitale ya magalasi kuno ku Sydney. Chingerezi ankachidziwa chokwanira kutukwana kapitawo ndi kuthokoza dokotala. Ku mpingo wathu wa Methodisti ndiwo ankatsogolera kwaya, ndipo munthu ukaphonya mawu ankakuloza ndi chala pamaso pa akazi ako. Matenda oiwala atawalowa, Chingerezi ndi chomwe chinayamba kutsanzika, ngati mlendo amene wamva kuti ndiwo zatha. Chinatsala ndi chilankhulo cha amayi awo basi, pamodzi ndi nyimbo.

Lesieli sanali mwana waulesi. Ankagwira ntchito yochapa zovala za m'chipatala, akaweruka n'kuyamba ina kunyumba. Koma kwathu mwana sagwira mutu wa bambo wake, sadya chomwe bambo wasiya m'mbale, nanji mwana wamkazi kuwavula kuti awasambitse. A Kitione anali ataiwala kuti akazi awo anamwalira, anali ataiwala mayina a adzukulu awo, koma lamulo limeneli lokha sanaliiwale. Lesieli akangoyandikira ndi thawulo, ankaphimba mutu ndi manja n'kumalira ngati mwana. Mwamuna wa Lesieli ankayendetsa lole ya ku Brisbane, kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya. Mchimwene wa Lesieli anali ku migodi kumadzulo, komwe ankatumiza mapemphero ataliatali pafoni. Mapemphero a pafoni ndi abwino, kungoti sasambitsa munthu.

Chipatala chinatumiza namwino woyendera okalamba, dzina lake Fuatino, mayi wa ku Samoa wa mawu akulu, yemwe ankalowa m'nyumba ya munthu ngati analipirako lendi. Anawaona a Kitione, anaona zilonda zomwe zinayamba kumsana kwawo, n'kumuyang'ananso Lesieli nthawi yaitali. Anamuuza kuti akapitiriza chonchi maliro akhala awiri, ndipo a Lesieli ndi amene ayambe. Nthawi yowapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba inali itakwana.

Lesieli anayang'ana kukhomo kaye, ngati mpingo wonse waima pawindo. Anayankha motsitsa mawu kuti zimenezo ndi za azungu, ife makolo sititaya.

"Ndikudziwa, mwali. Kwathunso timatero," anatero Fuatino. "Timatero mpaka nkhalamba itagwa m'bafa. Kutaya munthu n'kwina, kumupezera manja n'kwina."

Lesieli atati ngati zili choncho ikhale nyumba ya mpingo, Fuatino anavomera kuti munthu wopemphera ngati a Kitione ayenera kukhala komwe kumapempheredwa. Koma anamuchenjeza kuti asakasankhe mtanda wa pageti. Apite pakati pa sabata, osadziwitsa, pa nthawi ya chakudya. Aone ngati okalamba akudya kapena akungoyang'anizana ndi mbale. Afunse kuti ndani adzawalankhule bambo ake m'chilankhulo chomwe chawatsalira, ndani wamwamuna adzawasambitse, ndiponso ngati abusa awo ndi anzawo angalowe momasuka. Chomaliza, ayese msewu ndi mwendo wa munthu wotopa, osati ndi mtima wa tsiku loyamba. Anamuuza za nyumba ya masisitere ku St Marys, pafupi pomwepa, komwe ogwira ntchito ambiri ndi ana a ku Tonga. Chipinda chinalipo, koma chipinda chotere sichidikira munthu.

Lesieli anapita Lachitatu, bambo ake ali pambali. Nyumbayo sinali yokongola. Penti inali itasuluka, ndipo pa khonde panali fungo la koko wowiritsa. Mnyamata wina wamtali, wovala yunifomu, anawerama n'kuwapatsa moni a Kitione m'Chitonga. A Kitione anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atamva mudzi wake anamuuza kuti agogo ake anali mbava ya nkhumba yodziwika chilumba chonse. Mnyamatayo anaseka n'kuvomera kuti ndi momwe anamvera iyenso. Tsiku limenelo a Kitione anadya mbale yonse n'kupempha ina.

Potuluka, Lesieli anakumana maso ndi maso ndi mayi wina wa mu kwaya yathu akukankha ngolo ya mankhwala. Mayiyo anamwetulira. Lesieli ananama kuti anangobwera kudzaona mnzake.

Madzulo ake anakafotokozera azakhali ake, a Akanesi, mlongo wa a Kitione. Kwathu azakhali satsutsidwa. Nduna yaikulu ya dziko lino ungaitukwane pa wailesi n'kugona tulo, koma mlongo wa bambo ako akanena kuti dzuwa latulukira kumadzulo, umathokoza kuti wakudziwitsa. A Akanesi anali asanagwirepo ndi sokosi yomwe ya mlongo wawoyo, pakuti mwambo suwalola kulowa m'chipinda chake. Mwambo umenewu ankausunga mokhulupirika kwambiri.

Atamva za masisitere anagwira pachifuwa. Anafunsa ngati Lesieli akufuna kuti mkulu wa kwaya ya Methodisti akafe atamukoleka korona m'khosi. Lesieli anati anafunsa, ndipo masisitere anati abusa athu angalowe tsiku lililonse, salanda munthu mpingo wake. Pamenepo a Akanesi anatulutsa chomwe chinali kumtima.

"Kumeneko akukolopa ndani? Si ana a anthu athu omwewa? Lachitatu umusiye, Lamulungu nkhani ili pa guwa, Lolemba ili ku Ha'apai. Azidzati banja la Kitione linataya nkhalamba ngati matiresi akale. Ine nkhope ndiiika pati?"

Anali atamva za nyumba ina yotchedwa Betaniya, kuseri kwa mapiri, kupitirira Lithgow. Inamangidwa ndi mpingo wa azungu wofanana ndi wathu, ndipo chokoma chake chinali chakuti kumeneko kunalibe munthu wa ku Tonga ndi mmodzi yemwe. Iwo ndi Lesieli anakaiona Lamulungu. Anapeza udzu wometedwa bwino, mtanda waukulu pageti, maluwa, ndi limba likulira m'kachapelo. Nyimbo zake zinali zathu zomwe, kungoti m'Chingerezi. A Akanesi anapukuta msozi n'kunena kuti Mulungu wayankha. A Kitione sanapite nawo, poti azakhali anati ulendowo ungawatopetse.

Za kumpingo azakhali anali atakonza kale. Anthu adzauzidwa kuti a Kitione apita kukapuma kumudzi kwawo ku Ha'apai.

Lesieli atamuuza Fuatino za chisankhocho, namwinoyo sananyoze Betaniya. Anati amaidziwa, ndi yaukhondo, ndipo antchito ake ndi achifundo. Anangofunsa kuti a Kitione akamva kupweteka m'mimba adzauza ndani.

Lesieli anayankha kuti kuli chapelo, ndiponso ndi mpingo wawo.

"Mwali, Mulungu amamva zilankhulo zonse, koma bambo ako amamva chimodzi. Chomwe ukuthawa ku St Marys ndi chomwe chikanawasunga."

"Azakhali anena kale," anatero Lesieli.

Fuatino anati chipinda cha ku St Marys achigwira mpaka kutha kwa sabata, mwina mtima ungasinthe. Mtima wa Lesieli unasintha kangapo, koma wa azakhali sunasinthe, ndipo chipindacho chinapita kwa gogo wina wa ku Malta.

Ku Betaniya a Kitione anawalandira bwino. Atsikana a ku Nepal ndi a ku Philippines ankawasambitsa, kuwapesa ndi kuwasisita mutu mwachikondi, osadziwa chifukwa chomwe nkhalambayo inkanjenjemera akatero. Masiku oyamba a Kitione ankalankhula kwambiri. Ankafotokoza za bwato, za mafunde, za besi ya m'kwaya yomwe imatsalira m'mbuyo. Atsikana aja ankamwetulira n'kugwedeza mutu. Ankawayendetsa pa kanjinga kupita ku chapelo m'mawa uliwonse, komwe mbusa wachizungu ankapemphera mokoma ndithu. A Kitione ankazindikira maimbidwe a nyimbo n'kuyamba m'Chitonga mokweza, ena n'kumatembenuka kuwayang'ana. Posakhalitsa anasiya kuyimba.

Chakudya chinali mbatata yopondaponda ndi phala lozizira. Ankachiyang'ana ngati msonkho. Tsiku lina anakankha mbale n'kuvulaza mtsikana padzanja, ndipo dokotala anawapatsa mankhwala oti aziwakhazika mtima pansi. Mtima unakhaladi pansi, pamodzi ndi zina zonse.

Mkulu wa anamwino ku Betaniya anaimbira Lesieli foni kangapo. Anati bambo ake akusungulumwa, ndipo ngati pali abusa kapena anzawo olankhula chilankhulo chawo, khomo ndi lotsegula, abwere ngakhale khamu, tiyi alipo. Lesieli ankayankha kuti anthuwo ndi otanganidwa. Iye mwini ankapita Loweruka lililonse poyamba. Koma msewu wa kumapiri umadya tsiku lonse ndi mafuta omwe, ndipo zovala za m'chipatala sizidziwa Loweruka. Anayamba kudumphitsa. Akafika ankawapeza bambo ake atagona ndi mankhwala, n'kukhala pambali kuwayang'ana, kenako n'kuyamba ulendo wobwerera. A Akanesi anapitako kamodzi. Anati mapiri amawachititsa chizungulire.

Kumpingo zinthu zinkayenda bwino kwambiri. Lamulungu lililonse abusa ankapempherera mbale wathu Kitione amene akupuma ku Ha'apai. Nkhalamba zinzawo zinkachita nsanje, kuti mwamuna uja pano akudya nsomba yaiwisi pansi pa kokonati pomwe ife tikuzizidwa. Amayi ankamuyamikira Lesieli kuti ndi mwana woopa Mulungu, wabwezera kholo kwawo. Ndipo poti kwathu sutumiza moni wopanda kanthu m'manja, aliyense ankamupatsa kenakake koti akaike m'katundu wotumiza: nyama ya m'chitini, shuga, bulangete, sopo. Lesieli ankathokoza n'kukaika mu kabati ya m'chipinda chomwe bambo ake ankagona. Kabati itadzaza anayamba kuika pansi pa bedi. Chipindacho ankachikiya, ndipo anasiya kuitana anthu kunyumba.

Amene anasowa mtendere anali a Taniela, mnzawo wa a Kitione kuyambira ubwana. Anali dalaivala wa basi wopuma, woyimba besi, yemwe a Kitione anamuloza ndi chala moyo wake wonse. Lachisanu lililonse ankakhala moyandikana pomwa kava, chakumwa chathu cha mizu, kunyozana mpaka mbale yaikulu iume. A Taniela ankadandaula kuti munthu wapita osatsanzika, ndipo foni ya kumudzi akaipempha, Lesieli ankati kumeneko mawaya anaduka ndi mphepo.

M'mwezi wa June kunali msonkhano waukulu wa mpingo ku Tonga, ndipo a Taniela anapita nawo osauza munthu za cholinga chawo china. Msonkhano utatha anakwera bwato la ku Ha'apai atanyamula nsapato zatsopano zakuda, poti anamva kuti mnzawoyo anayamba kuyenda osavala nsapato. Nyanja inawavuta ulendo wonse. Atafika pamudzi n'kufunsa za Kitione, anthu anayang'anizana. Mayi wina anayamba kulira, poganiza kuti abwera kudzanena maliro.

Atabwerera ku Sydney sanapite kwa abusa, sanapite kwa a Akanesi. Anagogoda kwa Lesieli masana, bokosi la nsapato lili m'khwapa.

"Mwana wa Kitione, ndawasanzira nyanja yonse bambo ako. Ali kuti?"

Lesieli anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kufotokoza zonse. A Taniela sanakalipe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa chifukwa chake sananene. Iye anati ankaopa kuti anthu alankhula.

"Tikanalankhula, inde. Pakamwa tinabadwa napo. Tikanakudya Lamulungu limodzi, mwina awiri, kenako tikanakwera basi kukamuona. Wathawa miseche ya masiku awiri, n'kumusiya munthu alibe womufunsa kuti wadzuka bwanji."

Loweruka lake minibasi ya mpingo inakwera mapiri itadzaza nkhalamba za kwaya, zitavala majekete pamwamba pa majekete. Udzu wa ku Betaniya unali woyera ndi chisanu. Mkulu wa anamwino atawaona anafunsa Lesieli kuti anthu onsewa anali kuti nthawi yonseyi. Lesieli anayang'ana pansi.

A Kitione anawapeza pa mpando pafupi ndi windo, atafunda bulangete. Munthu yemwe kale ankadzaza khomo la tchalitchi anali atatsala mafupa ndi makutu. Mtsikana wowasamalira anati anasiya kulankhula cha m'nyengo ya Pasaka, ndipo iye amawayimbira nyimbo za kwawo ku Nepal kuti asamve chete yekhayekha.

A Taniela anakhala patsogolo pawo n'kuwauza kuti ku Ha'apai kwawaondetsa, nsomba zake zioneka kuti zinathawa. Anawatchula mayina onse onyozana a paubwana. A Kitione ankangoyang'ana kupyola mutu wawo, kumapiri. Mphika wa koko ndi masamba ake womwe amayi a kumpingo anatumiza unatsegulidwa, fungo linadzaza chipinda, koma iwo sanatsegule pakamwa.

Ndiye wina anayambitsa nyimbo, ija ankaiyimba pa Mgonero. Anayimba motsitsa, poopa kudzutsa odwala ena. Ndime yoyamba inatha popanda kanthu. Pa yachiwiri, chala cha a Kitione chinayamba kugunda pa bulangete. Pa yachitatu chinadzuka pang'onopang'ono mpaka chinaloza a Taniela.

"Watsalira, Tani," anatero.

Besi inathera pomwepo. A Taniela anatuluka panja, ndipo ena anamaliza nyimboyo okha, aliyense akuyang'ana denga. A Kitione anatseka maso. Sanalankhulenso tsiku limenelo, ndipo palibe amene anawamvanso akulankhula.

Lolemba m'mawa Lesieli anali kale pa ofesi ya Fuatino, osapita kaye kwa azakhali. Anapempha chipinda cha ku St Marys. Fuatino sanamukumbutse zomwe ananena kale. Anaimba foni pomwepo, n'kumuuza kuti malo adzaza, ndipo ena akudikira patsogolo pake. Ku nyumba zotere chipinda chimapezeka wina akamwalira, ndiye munthu sungapemphere kuti chipezeke msanga. Anamulangiza kuti pakadali pano kwaya izipita mosinthana, asapite tsiku lopanda mawu a Chitonga m'khutu mwawo, ndipo dokotala aunikenso mankhwala aja.

Anayesa ndithu. Koma oyimba athu ndi nkhalamba za mawondo otupa, ndipo mapiri nthawi ya chisanu si malo awo. Ankakwanitsa Loweruka lokha. A Kitione anamwalira Lachinayi lina masana, chisanu chisanathe, m'manja mwa mtsikana wa ku Nepal uja. Lesieli anali kuchapa zovala. Masisitere anaimba foni patapita milungu ingapo kuti chipinda chapezeka.

Maliro anali akulu, monga timachitira. Anthu anachokera ku Melbourne, ku Auckland, ena ku Ha'apai komwe. Msewu wonse unada ndi zovala zakuda ndi mikeka ya m'chiuno. Makwaya ankalandirana nyimbo osadukiza, ndipo pakati pawo panali mnyamata wamtali wa ku St Marys uja, atabwera ndi anzake ataweruka. A Akanesi anakhala pa malo aulemu kumutu kwa bokosi, monga azakhali amakhalira, n'kulandira mikeka yabwino koposa. Anauza aliyense wowapatsa moni kuti mlongo wawo wafera m'manja mwa mpingo wake. Palibe anawatsutsa. A Kitione anawaika atavala nsapato za a Taniela, zosapondapo dothi.

Anthu ochuluka chonchi amafuna kudya. Nyama itayamba kuchepa, Lesieli anatsegula chipinda chija n'kuuza amayi ophika kuti atenge zonse. Anatulutsa zitini m'kabati, anatulutsa za pansi pa bedi. Mayi wina ananyamula chitini chimodzi n'kupeza dzina lake lomwe pamwamba, lomwe analemba yekha kuti a Kitione adziwe wotumiza. Anachiyang'ana, anamuyang'ana Lesieli, kenako anachitsegula n'kukhuthulira mu mphika.

A Taniela anapatsidwa mbale yawo n'kukhala nayo pamiyendo mpaka inazizira. Anayang'ana khamu lomwe linadzaza bwalo mpaka kumsewu, n'kumuuza Lesieli kuti pa anthu onsewa, aliyense akanangopita ku St Marys kamodzi kokha, bambo ake akanatopa ndi alendo mpaka kuwathamangitsa.

Lesieli anatenga mbaleyo kukaitenthetsanso.

Phunziro: Posankha nyumba ya mpingo yosungira kholo, musayang'ane mtanda wa pageti kapena dzina la mpingo lokha. Pitani nalo khololo, muone ngati likudya, ngati pali womva chilankhulo chake, ndiponso ngati abusa ndi anzake angafikeko ngakhale mawondo akuwawa. Kupempha thandizo si kutaya kholo. Kulitaya ndi kulibisa. Miseche imatha Lamulungu likapita, koma nkhalamba yosowa woilankhula imatha msanga kuposa miseche.